Mazira Ofewa

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Kitwe. Kuno ku Guilleme tilipo.

Za nkhuku zija, ndinaitana alangizi a ziweto. Akuti zimaikira mazira ofewa chifukwa ndimazipatsa madeya okhaokha. Ndawonjezera laimu ndi bonya, ndipo pa mazira khumi ndi anayi a sabata ino, lofewa ndi limodzi.

Vuto linali chakudya, azakhali. Koma inu munanyamula dzira lofewa pamaso pa alendo n'kunena kuti nkhuku zimatengera mayi wapakhomo, mukudziwa kuti mkazi wanga Esitele anali atangobwera kuchipatala chimanjamanja, wopanda khanda. Mpaka lero sakupita kutchalitchi, ndipo kukhola sayandikirako.

Mtsikana wa ku Mkanda mukundifunirayo musamutumize kuno. Mkazi ndili naye.

Ndine mwana wanu,
Lameki