Mayi wa Pakhoma ndi Ng'ombe za Malowolo

Mwenilondo, Karonga
16 Juni 1974

Okondedwa achimwene Ambokile,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Zombako, ndipo chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tonse tilipo. Mpunga takolola, bambo mwendo ukuwavutabe koma kukhola sajomba. Ndalemba m'Chichewa dala, inunso muyankhe momwemo, poti bambo amatsegula makalata anga koma Chichewa chimawadutsa.

Achimwene, ine ndaona kanema. Loweruka masana abambo a ku mishoni anabwera ndi makina awo, tinatchinga mazenera a holo ndi mabulangete. Mpaka lero mutu wanga sunabwerere m'malo. Mvula inagwa pakhoma, khomalo osanyowa. Sitima ya pamtunda inabwera molunjika ife, amayi ena mpaka kulowa pansi pa benchi. Musaseke, inenso ndinali komweko.

Kenako panatuluka mzungu wamkazi, nkhope yake kudzaza khoma lonse. Kukongola kwake ndilibe nako mawu. Sankalima, sankatunga madzi, ankangotsika masitepe atavala diresi yonyezimira. Chizungu chinkathamanga, koma a Esnart, aphunzitsi aja a ku Dedza, ankandinong'oneza. Akuti nyumba, galimoto, ngakhale mkanda wa m'khosi, zonse anamugulira mwamuna. Amayi anzanga ankangoti ena anabadwa ndi mwayi. Inenso ndinasirira, ndisaname.

Tsiku lina mwamunayo anapeza wina. Sanamumenye, sanakalipe. Anangomuvula mkanda uja pang'onopang'ono, n'kumutsegulira chitseko. Mayiyo anayenda ofesi ndi ofesi kufuna ntchito. Pena anamufunsa ntchito imene amaidziwa. Anangoyang'ana manja ake. Msozi wake unatsika pakhoma paja. Sindinkadziwa kuti anthu angatenge kuwala chabe n'kukulasa nako mtima chonchi. Ndinachita mantha, komanso ndinkafuna ayambirenso.

Potuluka ndinakumana ndi a Kenan, eni golosale aja ofuna kundikwatira. Anali akumwetulira. Anati inenso adzandisunga ngati mayi uja, madiresi azidzachokera ku Mbeya, ndipo manja angawa sadzagwira khasu kapena choko. Kaya iwo ankaonera kanema wake uti. Ananena mwachikondi, ndikudziwa, koma ine ndinangokumbukira mkanda uja ukuvulidwa.

Tsopano ndiulule. Kalata ya ku sukulu ya uphunzitsi inabwera mwezi watha. Ananditenga, tikayamba mu Okutobala. Ndinaibisa m'Baibulo, ngakhale amayi sakudziwa. A Kenan ananeneratu kalekale kuti zaka ziwiri sangadikire, ndipo mkazi wapantchito samufuna.

Ndikudziwa kukula kwa chimene ndikupempha. Ng'ombe zisanu ndi zitatu za a Kenan zili kale m'khola mwa bambo, ndipo ndi zomwezo zimene mukuyembekeza kukalowolera Yunike mu Ogasiti. Ine ndikapita kusukulu ng'ombezo zibwerera kwa mwini wake, inu mutsala chimanjamanja, ndipo sindikudziwa ngati makolo a Yunike angadikirenso. Zaka zitatu mwakhala mukumudikira. Ndikakumana naye kuchitsime amanditchula kale kuti mlamu, ine n'kusowa poyang'ana.

Bambo sangandimvere ine, koma inu akumverani, poti ng'ombezo amaziwerengera inu. Mukati zibwerere, zibwerera. Mukati ayi, ndikwatiwa, ndidzavina paukwati wanu, ndipo dandaulo simudzalimva pakamwa panga. Chokhacho, yankho lisadzere mwa bambo kapena amalume. Mulembe nokha ndi dzanja lanu, kuti chilichonse chimene chindichitikire, ndidziwe kuti mlongo wanga anaona zonse ziwiri n'kusankha.

Mundiperekere moni kwa anzanu a Morton ndi akunyumba kwawo. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni mtima woleza mukamawerenga zimenezi.

Ndine mlongo wanu,
Keziya