Timabuku ta Kutsidya kwa Njanji

San Pedro Sula
Lachinayi, 13 Febuluwale

Okondedwa achemwali anga a Crisanta,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Kaya mwadzuka bwanji kumapiriko ndi chifuwa chanu chija cha nthawi yozizira? Nanga alamu a Porfirio, msana wawaleka? Ine kuno ndilipo, ndikudya, ndikuyenda ndi miyendo yanga, kungoti mano awiri akutsogolo kulibe. Musadandaule nawo, anali ogwedera kale. Madzi m'mipopi atha sabata osatuluka, tikumwa a m'migolo, koma si zimene ndakulemberani.

Kalatayi akuwerengereni mwana wanu Yolani, muli awiri basi, ndipo akatha aiponye pamoto. Mlongo wake Nahún asaigwire, asaimve. N'chifukwa chake ndaipereka kwa a Chilo, oyendetsa galimoto amene amubweretsawo, osati kwa iye. Pa foni sindikanatha kunena izi, foni za kuno zili ndi makutu ambiri. Dzanja lake mwaliona kale. Akuuzani kuti linapanidwa ndi chitsulo ku ntchito, chifukwa ndi zimene ndinamuuza kuti azinena panjira. Si zoona. Khalani pansi ndikuuzeni.

Lamulo la anyamata a gulu la zigawenga kuno mukulidziwa: wolowa satuluka, kupatula m'bokosi kapena kudzera m'tchalitchi. Ndipo wotulukira m'tchalitchi amafunika munthu womuimira. Zaka ziwiri zapitazo ndinaima ine pamaso pa mkulu wawo, amene amamutcha Zancudo, n'kunena kuti uyu ndi mwana wa mlongo wanga, wagwada, mowa wasiya, mfuti wasiya, akadzalakwa mudzafunse ine. Chiyambire pamenepo akhala akumuzonda ngati mphamba pa anapiye, koma sanamupeze ndi kanthu. Mapemphero onse iye alipo. Malaya a manja aatali tsiku ndi tsiku, dzuwa liswe mtengo, kubisa zizindikiro za gulu zimene anadinda pathupi zija. Pamenepo mwana wanu ndimuyamikire.

Vuto linabwera ndi mabuku. Abusa athu a Fidencio atagwidwa ndi matenda ofa ziwalo chaka chatha, guwa linatsala m'manja mwanga. Inu mukudziwa kuti pakhomo la sukulu sindinapondepo. Zilembo ndinaziphunzira m'Baibulo ndili ndi ndevu kale, chala pamzere, ndipo ndalalikira zaka makumi atatu popanda wondiuza kuti yambira apa, malizira apa. Koma Nahún anamva za sukulu ya Baibulo ya kutsidya kwa njanji, imene imaphunzitsa munthu ali kunyumba kwake. Mwezi uliwonse amapereka kabuku kamodzi: kena ka kakonzedwe ka ulaliki, kena ka kawerengedwe ka malemba, kena ka kayenderedwe ka odwala ndi ofedwa. Uwerenge, uyankhe mafunso, ukabweze mayankho, utenge kena. Timabuku tonse tilipo khumi ndi tiwiri.

Tsono kutsidya kwa njanji ndi dera la gulu lina, adani a anyamata akunowa. Mnyamata wa kuno akaoloka sabwerera. Nkhalamba ngati ine saiyang'ana kawiri. Ndiye ndinkamutengera ine, ngakhale ndinkamuuza pamaso kuti Mzimu sakhala m'timabuku. Kasanu konse ndinaoloka.

Mwezi watha, pa phunziro la Baibulo la Lachitatu, ndinkaphunzitsa za anzeru atatu a kum'mawa aja. Mwana wanu anakweza dzanja pamaso pa mpingo wonse n'kunena kuti pepani amalume, malemba sanena kuti anali atatu, zitatu ndi mphatsozo. Mayi Chepa, amene amagulitsa chakudya pa ngodya ya msewu wathu, anaseka mpaka kutsamwa, amvekere a Eleuterio, zaka zonsezi wachinayiyo munkamubisa kuti? Mpingo wonse unafa nacho chiseko. Nditafika kunyumba ndinatsegula ndekha, ndinayendetsa chala kawiri. Zimene ndinapeza ndi zanga. Koma ngakhale lero ndikuti mwana sadzudzula malume wake pagulu, akanadikira tifike kunyumba. Ndinamuuza kuti popeza waphunzira kuposa ine, timabuku takoto uzikatenga wekha, ine si bulu wako.

Achemwali, unali mkwiyo chabe. Sindinaganize kuti apitadi.

Anadikira milungu itatu kuti mtima wanga utsike. Anandipempha kawiri, ine ndinayang'ana kumbali. Tsiku lomaliza lobweza mayankho litafika, anamanga taye, Baibulo m'khwapa, n'kukwera basi, poganiza kuti zovala za mlaliki zimuteteza. Popita anayenda bwino, kabuku anatenga. Pobwerera anyamata a kutsidyako anaimitsa basi, akuti amuna nonse pansi, vulani malaya. Ataona zizindikiro zija sanafunse chilichonse. Anamumenya ndi mapaipi achitsulo, anamuponda kumutu, wina anamutema ndi chikwanje paphewa. Galimoto ya apolisi inangotulukira mwamwayi, iwo n'kuthawa, kumusiya m'ngalande akuyesa wafa. Anafika kuno dzuwa likupendeka atagonekedwa pa ngolo ya wogulitsa nthochi, malaya ali magazi okhaokha, kabuku atakatsindira pa lamba. Mawu ake oyamba anali akuti amalume musakwiye.

Ndinayesa zathera pomwepo. Ayi. Kwa anyamata akuno, munthu wopita kutsidya n'kubwerako wamoyo ndiye kuti wagulitsa anzake.

Lamlungu m'mawa, tili pakati pa nyimbo yachiwiri, anafika anyamata a gulu asanu ndi mmodzi, Zancudo ali patsogolo. Chitseko chinali chotsegula koma anachithyolabe ndi mapazi. Wina anawombera chimkuzamawu, ana n'kulowa pansi pa mabenchi akulira. Nahún anamukokera panja pomugwira kolala, mabandeji ali m'thupi, n'kumugwaditsa pamsewu. Dikoni wathu a Santos atayesa kulankhula anawamenya ndi kumbuyo kwa mfuti pakhutu, mpaka lero mbali imeneyo sakumva.

Ine ndinatuluka. Zancudoyo ndinamudziwa akuyenda wopanda kabudula, mamina ali m'kamwa, ndiye ndinamuitana ndi dzina limene anamupatsa mayi ake. Ndinati iwe Elvin, m'nyumba ya Mulungu umalowa ndi mapazi ngati mbuzi? Iye anaseka, akuti agogo lero mwadzuka ndi moto, takhalani pansi mungagwe. Ndinati ndikhala ukamusiya mwanayo, paja unalonjeza pamaso pa anthu kuti simudzamukhudza. Akuti inunso munalonjeza kuti muzimuyang'anira, nanga pamene amaoloka njanji inu mumayang'ana kuti? Wachiwiri wake, kamunthu kakafupi kotchedwa Chato, ndi amene anandigulula mano, akuti nkhalamba iyi imalongolola ngati wailesi. Ndinalavulira magazi pa nsapato yake. Ndinachita dala.

Ndinauza Elvin kuti mwanayu anakatenga buku, sanakagulitse munthu, ndipo amene anakana kumutengera ndine. Mayi Chepa anathamangira kunyumba kwathu, anabwera ndi timabuku tonse tisanu ndi kamodzi n'kutiponya pamapazi ake, amvekere werenga wekha, kapena kusukulu unkangopitira phala? Elvin anatola, anatembenuza masamba, kenako akuti chabwino, ngati ndi mwana wasukulu timupatse mayeso. Anauza Chato kuti agoneke dzanja la Nahún pa simenti ya m'mbali mwa msewu, chikwanje m'mwamba. Funso lililonse akalephera, chala.

Anafunsa kuti mabuku a Chipangano Chakale ndi angati. Anayankha. Anafunsa zoyenera kuchita mlaliki asanakwere pa guwa. Anayankha osaphonya. Anafunsa zimene mbusa sayenera kunena pa nyumba ya maliro. Anayankha bwino mpaka mmodzi mwa anyamatawo anakuwa ameni monyoza, anzake n'kuseka. Mafunso asanu ndi anayi, mpingo wonse utagwada m'fumbi. Kenako Elvin anatola kabuku ka magazi kaja, ka mbiri ya mpingo, kamene mwanayo anali asanakatsegule n'komwe chifukwa maso anali otupa. Ndinakuwa kuti ako sanawerenge. Akuti nanga anakatengeranji. Anafunsa dzina la mfumu ina ya Aroma. Anafunsa chaka cha msonkhano wina wa akuluakulu a mpingo. Zala ziwiri, chaching'ono ndi chinzake. Kulira kwake sindikulemberani. Anakomoka. Dzanja lodulidwalo ndi lamanzere, lolembera lilipo.

Ali chikomokere, Elvin anandikokera pambali, dzanja paphewa panga ngati mdzukulu waulemu. Akuti mayeso wakhoza, akhale ndi moyo, koma asadzatulukenso m'dera lino ngakhale kukagula mchere. Akuti akadzangosowa tsiku limodzi, agogo, tidzabwera kwa amene anamuimira. Izi Nahún sanazimve, ndipo palibe wamuuza.

Anamusoka ndi namwino wa mumpingo mwathu, patebulo la kunyumba. Tsiku lachitatu malungo atatsika, anandipempha kuti ndimuwerengere kabuku komweko. Ndinafuna kukaponya m'chimbudzi. Akuti amalume, ndakalipira kale, ndimveko zimene zilimo. Ndinamuwerengera, chala pamzere, mayina achilendo akundipota lilime, iye n'kumandikonza ali gone, osatengerapo phunziro. Muli anthu otenthedwa pamoto, ena oponyedwa ku zilombo, ena odulidwa lilime chifukwa cholalikira. Ine ndinkayesa kuti nkhanza zinayambira m'dera lathu lino. Izi sindinkazidziwa, ndivomere. Mayankho awiri aja tinawapeza pa tsamba limodzi. Anayang'ana dzanja lake n'kunena kuti timabuku tatsala sikisi, zala zatsala eyiti, ndimaliza sukulu amalume. Ndinatuluka panja kuti asaone nkhope yanga.

Ndikanamusunga kuno. Koma dzana mayi ake a Elvin, amene amapemphera nafe atakhala benchi ya kumbuyo, anabwera ngati akudzabwereka mpeni. Anandinong'oneza kuti Chato sanakhutire, akuti zala ziwiri n'zochepa kwa kazitape, ndipo akungodikira tsiku limene Elvin adzachokepo. Akuti mwezi uno sutha asanamuphe Nahún.

Ndiye ndagwirizana ndi a Chilo, amene akubwerera kumeneko kudzanyamula khofi, kuti amugoneke pansi pa matumba opanda kanthu mawa masana, nthawi imene alonda a gulu amakhala akudya. Nahún ndamunamiza kuti Elvin walola milungu iwiri kuti akachire kwa mayi ake, kungoti anyamata ang'onoang'ono sanauzidwe. Bodza limeneli ndikalifotokoza ndekha kwa Mwiniwake.

Pempho langa ndi limodzi: musamulole abwerere kuno. Milungu iwiri ikatha mupezereni chifukwa. Muziti mukudwala, muziti khofi wapsa wothyola palibe, mubise nsapato zake ngati pafunika kutero. Mukamva chilichonse cha ine, chabwino kaya choipa, asakwere basi. Akabwerera maliro, anthu adzaika maliro awiri. Timabuku take tili m'chikwama. Totsalato ndizikatenga ndekha n'kutumiza mwa a Chilo, malinga ndikadali kuyenda. Kamunda kanga ka kuseri kwa phiri alime iyeyo. Abale a kampingo ka kumtunda akhala zaka opanda mlaliki, amupatse guwa. Amalalikira bwino. Musamuuze kuti wanena ndine.

Alamu a Porfirio afunsa kuti bwanji sindinakwere naye galimoto yomweyo, ndikuwadziwa. Muwauze kuti ndikathawa ine, anyamatawa apita kwa abusa a Fidencio amene sangathe ngakhale kutembenuka pabedi, kapena atentha tchalitchi muli anthu. Walira mvula walira matope. Ndinanena pamaso pa anthu kuti ndamuimira, ndipo sindinanene kuti mpaka liti. Komanso ndakula kwambiri kuti ndigone pansi pa matumba chifukwa choopa tiana.

Mupereke moni kwa alamu, kwa amuna ake a Yolani, kwa azakhali a Tomasa ngati makutu akuwalolabe, ndi kwa adzukulu onse, wamng'ono uja sindinamuone koma akuti anatengera chipumi changa, Mulungu amuthandize. Abale a kampingo muwauze azitipempherera, osawauza chifukwa.

Lamlungu wolalikira ndine, monga mwa masiku onse. Ndachapa kale malaya oyera. Akabwera andipeze pa guwa, osati pansi pa bedi.

Tsalani m'manja mwa Ambuye.

Ndine mlongo wanu,
Eleuterio Banegas