Lipenga la Bambo Mkwapatira Libwerera Kwawo

Gulu la Oimba la Mlatho
North York, 12 Febuluwale 1976

Kwa Mayi Anastazia Mkwapatira, ana, abale, ndi onse okonda nyimbo za jazi,

Ife a Gulu la Oimba la Mlatho tadzidzimuka ndi kusweka mtima pomva kuti Bambo Tobias Mkwapatira, katswiri wa lipenga amene anayambitsa gulu lathu, atisiya Lolemba lapitali atadwala chibayo masiku anayi okha.

Malemuwa anaphunzira lipenga m'bandi ya mishoni ku Zomba, nafika nalo kuno kutsidya kwa nyanja zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Mkati mwa sabata ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga, ndipo ambiri mwa anzawo a kuntchitoko sankadziwa kuti manja omwewo, akagwira lipenga, ankakhalitsa chete holo yodzaza. Loweruka lililonse masana ankakwera mabasi awiri kudzatiphunzitsa kwaulere m'chipinda chapansi pa tchalitchi. Anatiphunzitsa kupuma tisanaimbe, kumvera mnzathu tisanamuyankhe, ndiponso kufunditsa kamlomo ka lipenga m'khwapa nthawi yachisanu. Mzindawu, umene unkawalola kuimba pongoyembekezera oimba otchuka, tsopano wayamba kuwatamanda. Ayamikidwa mochedwa.

Mundilole, Mayi, ndilankhulepo ngati Wyson, osati ngati wapampando. Ndinabwera kuno kudzaphunzira zomangamanga, osadziwa kuti jazi n'chiyani, mpaka tsiku limene ndinawamva akuimba nyimbo ya maliro ya kwathu mwa njira yawoyawo, ine n'kuiwala kuvula chijasi. Anandibwereka lipenga lawo lakale, lopindika pakamwa lija. Chaka chatha ndinasiya koleji chifukwa cha lipengalo, poganiza kuti akondwera.

Sanakondwere. Anati, “Iwe Wyson, lipenga silithawa, imathawa ndi sukulu. Ubwerere m'kalasi, apo ayi undibwezere chitsulo changa.”

Ine ndinayankha kuti, “Nanga inu, Bambo, sukuluyo munaimaliza?”

Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Makatoni aja ukuyesa ndimanyamula pofuna?”

Kuyambira tsiku limenelo, kwa miyezi isanu ndi iwiri, tinkangopatsana moni. Anzanga akuti lipengalo ndilisunge, poti mwini wake wapita ndipo mawu ake apita naye. Ndayesa kuwakhulupirira, ndalephera.

M'malo mwa mamembala onse khumi ndi anayi, tikupepesa kwa inu Mayi, kwa Joseph ndi Alice, ana a malemu, ndiponso kwa abale a ku Zomba amene alire maliro awa osaona nkhope. Chauta akupatseni mphamvu pa masiku ovutawa, ndipo dziwani kuti khomo lanu sitilisiya lokha.

Loweruka tidzakhala nanu kumanda. Anzanga adzaimba, ine ayi. M'kalasi sindinabwerere, choncho lipengalo si langa. Ndalipukuta, ndalithira mafuta, ndipo ndidzalipereka m'manja mwanu.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Wyson Kalilangwe
Wapampando