Zione ndi katoni yanu ya mabuku

Amayi, kodi kumene muliko muli bwanji? Ife kuno ku Kabwata tadzuka bwino. Lero ndi Loweruka masana, ndakhala pakhonde pomwe munkasendera mtedza, ndati ndikulembereni. Papita miyezi khumi ndi umodzi chitisiyireni, koma amayi a pamsika akandiona amanenabe kuti, "Uyo mwana wa aNaphiri." Dzina langa silinawalowebe m'mutu, ndipo ine sindidandaula.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Mpongozi wanu ku Chelstone, mkazi wa Yohane, anachira mwezi watha. Ndi mwana wamkazi, wonenepa, wa makutu otambalala ngati a atate ake. Amutcha Elina, dzina lanu. Yohane akamunyamula amachita kuopa kumukalipira akalira, akuti zimamveka ngati akukalipira amayi ake. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chinabereka bwino, mbewu yake ndi ija munasunga m'chitini. Akuba anathyolako mizere iwiri ya kumpanda, koma chotsalacho tinagawirako a ku Chelstone. Maungu okha ndiwo anakana chaka chino.

Mizere ya m'masitolo sinathe. Sopo akapezeka, saladi, mafuta ophikira aja, wasowa. Saladi akabwera, unga wa nsima wapita. Sabata yatha ndinaiwala khadi la chipani m'chikwama china, anyamata a pa siteshoni n'kundibweza kuti sindikwera basi. Ndinayenda wapansi mpaka ku ofesi ku Cairo Road, ndikung'ung'udza njira yonse, kenako ndinakumbukira mmene munkandiyankhira ndikadandaula za mtunda: "Uli ndi miyendo iwiri, yonse yamoyo, ukulira chiyani?" Ndinaseka ndekha pamsewu, anthu n'kumandiyang'ana.

Koma chimene chandikhazika pansi ndi mdzukulu wanu Zione. Pali zimene ndinachita zoti mukanakhalapo mukanandikoka khutu, ngakhale ndine mayi wa ana awiri.

Mukukumbukira pamene azungu amene munawagwirira ntchito ku Kabulonga ankabwerera kwawo? Anakuuzani kuti musankhe chimene mukufuna m'nyumba. Wophika anatenga mipando, wa m'dimba anatenga njinga. Inu munasankha katoni ya mabuku a ana awo, n'kuisenza pamutu mpaka kuno chifukwa kondakitala anakana kuikweza. Ine ndinakusekani. Ndinati, "Amayi, inu simutha kuwerenga ngakhale dzina lanu, mwasiya mapoto n'kutenga mapepala?" Munaitula pansi, n'kupukuta thukuta, n'kunena kuti, "Ana a m'nyumba ija ndawalera ine. Akagwira izi amakhala chete ngati akudya. Ndikufuna ndidzaone wanga akudya chomwecho." Tsiku lina nditang'amba buku limodzi kuti ndikolezere mbaula, munakhala masiku awiri osandilankhula.

Katoniyo inakhala pansi pa bedi lanu zaka zambiri. Inatuluka pamene miyendo yanu inatupa, mutasiya kupita kumsika. Zione akaweruka kusukulu munkamuitana kuti aikoke, asankhe buku limene chithunzi chake chamusangalatsa, akuwerengereni. Nthawi imeneyo mwanayu sankachita bwino m'kalasi. Akauzidwa kuti alembe nkhani, ankalemba mizere inayi n'kuyamba kutafuna pensulo. Powerenga ankapunthwa pa liwu lililonse, koma inu simunkatopa. Akafika pamapeto pa tsamba munkamuimitsa: "Tsopano undiuze m'chilankhulo chathu, wati chiyani munthuyo?" Iye akayankha ndi Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chizungu, munkapukusa mutu. "Usangoti sanakondwe. Kodi anakhumudwa, anakwiya, kapena anasweka mtima? Izi n'zosiyana. Sankhapo chimodzi." Ine ndinkamva ndili kukhitchini, n'kumaganiza kuti ndi masewera a wodwala ndi mdzukulu wake.

Titakuikani, palibe anamuuza kuti apitirize. Anapitiriza yekha. Ankawerenga akudikira madzi pampopi, ankawerenga ali pamzere wa buledi, tsiku lina anapsereza nyemba mpaka poto kuda. Ine ndi atate ake tinayamba kuda nkhawa. Chaka chamawa alemba mayeso a giledi seveni, ndipo mukudziwa mmene malo a ku sekondale alili ochepa. Ana ambiri a muno m'Kabwata amathera pomwepo, n'kumagulitsa tomato pamsewu. Atate ake anamubweretsera mapepala a mayeso akale kuti aziloweza. Ine ndinakweza katoni pamwamba pa wadiropu, n'kumuuza kuti nthano sizibwera pa mayeso. Patapita masiku ndinapeza buku la nthano litabisidwa m'kati mwa buku la masamu, ndi mapazi a fumbi pampando umene anakwerapo.

Masabata atatu apitawo, Lachiwiri, ndinafika kuchokera kuntchito n'kumupeza atakhala pakhomo, ali ndi kalata yochokera kusukulu. Aphunzitsi ake analemba kuti pa mayeso a kumapeto kwa temu Zione anakopera nkhani m'buku n'kunena kuti walemba yekha. Anati ndipite mawa lake, chifukwa mwana wobera mayeso amakwapulidwa pamaso pa sukulu yonse ndipo malikisi ake amafufutidwa.

Amayi, sindinamufunse kanthu. Ndinali nditatopa, manyazi anandigwira, ndipo ndinamuwomba mbama. Ndinati, "Ndinanena ine kuti mabuku amenewa adzakusandutsa wakuba!" Iye sanalire. Anangogwira tsaya n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amama, sindinakopere." Ndinatsitsa katoni yanu n'kukaiponya panja pafupi ndi mbaula, ndikuti mawa ndiitentha. Atate ake ndiwo anaibweza m'nyumba mitambo itayamba kuda. Anangoiika kuseri kwa chitseko.

M'mawa mwake tinapita kusukulu, iye patsogolo, ine pambuyo. Mu ofesi munali a hedi, Mayi Tembo, ndi mphunzitsi wake, Ba Mwamba, mnyamata wa ku Kasama. Si munthu woipa, Amayi, ndi mmodzi wa aja amene amafika m'kalasi belu lisanalire. Anali atagwira pepala la Zione, atalemba mizere yofiira pansi pa mawu ambiri. Pondiitana monga amaitanira mayi wa mwana kwawoko, anati, "Bana Zione, ine naphunzitsa ana ambili. Mwana wa giledi sikisi sangalembe so. Aya mau ni a mu buku. Lekani nikuwelengeleni mumvele mweka."

Mutu wa nkhani umene anapatsa ana m'kalasimo unali wa tsiku limene sadzaliiwala. Ba Mwamba anayamba kuwerenga mokweza. Ine Chizungu ndimachitayipa tsiku lonse ku ofesi, choncho ndinkamva liwu lililonse. Mizere yoyamba inali ya chipinda chaching'ono ndi mayi wokalamba amene anapempha kuti zenera litsegulidwe kuti azimva anzake akubwerera kumsika. Kenako panabwera kapu yachitsulo yobenthuka m'mphepete, imene mayiyo sankalola wina aliyense kumwera. Kenako chipsera cha padzanja, chimene anapsa ndi ayironi posita malaya a bwana, chooneka ngati tsamba la mango.

Ndinakhala pabenchi osauzidwa. Mukudziwa kuti Lachinayi lija munatisiya ine ndinali kuntchito. Pofika ndinapeza nyumba itadzaza kale amayi a mpingo. Pa miyezi yonseyi sindinamufunsepo Zione kuti zinayenda bwanji, ndinkati ndi mwana, aiwale. Tsono ndinazimva tsiku limenelo, m'kamwa mwa mlendo. Analemba kuti ankakuwerengerani monga mwa masiku onse, dzuwa likulowa pazenera n'kufika pabulangete. Atafika pamapeto pa tsamba anaima, kudikira kuti mumufunse kuti munthuyo wati chiyani. Simunafunse. Anadikirabe. Kenako anakufotokozerani yekha tsamba lonselo m'chilankhulo chathu, posankha mawu bwinobwino monga munkafunira, ndipo atamaliza m'pamene anapita kukaitana a nyumba yoyandikana nayo.

Ndinati, "Aphunzitsi, imani kaye." Kenako ndinafunsa kuti, "Ndi buku liti limene likudziwa kapu ya amayi anga? Ndi mzungu uti anaona chipsera chawo?" Zione anali ataima pakona, akuyang'ana nsapato zake.

Mayi Tembo ndi munthu wodekha. Anang'amba pepala m'kope, n'kumupatsa Zione pamodzi ndi cholembera chawo. Anati, "Mwanawe, khala apa. Utilembere za mzere wa saladi. Tikupatsa theka la ola." Tinakhala tonse atatu tikumuyang'ana. Posakhalitsa anatiiwala. Analemba masamba awiri. Inali nkhani ya mayi wina amene anasiya dengu pamzere kuti limusungire malo, pobwera n'kupeza dengu lafika kutsogolo, lagulitsidwa saladi, koma anthu atatu akulumbira kuti ndi lawo. Mayi Tembo anaseka mpaka kuvula magalasi.

Ba Mwamba sanaseke. Anatenga pepala loyamba lija n'kuyamba kumufunsa mawu amene anawalemba mizere yofiira, limodzi limodzi. Zione ankayankha tanthauzo lake m'Chichewa chanu chenicheni cha ku Katete, moti mawu ena aphunzitsiwo ankatembenukira kwa ine kuti ndiwamasulire. Atamufunsa kumene anawapeza, anatulutsa kabuku m'thumba la yunifolomu. Kanali kopangidwa ndi mapepala olakwika amene ndimabwera nawo kuchokera ku ofesi kuti tizikulungira zinthu. Anawadula n'kuwasoka ndi ulusi wakuda. M'menemo amalemba liwu lililonse latsopano limene wakumana nalo, pambali pake n'kulemba chimene akuganiza kuti likutanthauza. Akalipezanso m'buku lina amaona ngati anaganiza bwino, akalakwa amafufuta. Anati mabuku ena anawawerenga katatu, chifukwa ulendo woyamba amathamangira kudziwa mathero, wachiwiri ndiye amaona mmene wolembayo wayalira mawu ake. Ine mayi wake, wogona naye nyumba imodzi, sindinkadziwa kuti kabuku kameneka kaliko.

Ba Mwamba anatembenuza timasamba tija. Kenako anaimirira, n'kumupatsa mwana dzanja pamaso pa a hedi. Anati, "Zione, nalakwa ine. Unikhululukile." Mayi Tembo anandiperekeza mpaka pakhomo n'kundinong'oneza kuti, "Mayi, ife tili ndi ana makumi asanu m'kalasi ndi choko chimodzi. Zimene mwanayu wadzipezera sitikanatha kumupatsa. Musamuletse."

Tsopano katoni yanu yayamba kuyenda. Ba Mwamba anapempha kuti izibwera kusukulu Lachisanu lililonse, ana azisankha okha chowerenga ola lomaliza, popanda mayeso. Zione anavomera, koma anaika malamulo ake: wosasamba m'manja sagwira buku, ndipo wopinda tsamba sabwerekanso. Akuti ngakhale anyamata aja ovuta a kumbuyo amakangana polimbirana buku la sitima zapamadzi. Zione mwini mabukuwo anawamaliza onse, choncho Loweruka lapitalo ndinapita naye ku laibulale ya m'tauni kukamulembetsa. Atalowa n'kuona mashelefu ofika kudenga, anandigwira mkono n'kufunsa monong'ona ngati amaloledwa kutenga lililonse. Mapepala a mayeso akale akuwachitabe, ndipo atate ake aona kuti mafunso a masamu aja a mawu ambiri, amene ankamugonjetsa, tsopano amawamva msanga. Mlongo wake Dalitso, amene ali giledi thu, wayamba kumulondola ndi buku la zithunzi kuti amuwerengere.

Zonsezi n'zabwino, Amayi, koma pali chimodzi chimene sichinakonzeke. Mphunzitsi, munthu wa eni, anapepesa pamaso pa anthu. Ine sindinatero. Zione amandilankhula mwaulemu, amagwada pondipatsa madzi, ntchito zake amagwira. Koma akakhala patebulo akulemba, ine n'kudutsa, amaphimba pepala ndi mkono. Sachita mwamwano, mwina sadziwa n'komwe kuti akutero. Zimandilasa mumtima kuposa akanandinyoza.

Inu simunkapepesa ndi pakamwa. Mukatilakwira munkawotcha mbatata n'kuisiya pambale pafupi ndi amene mwamukalipira, ife n'kumva kuti nkhani yatha. Ndinayesa njira yanuyo. Ndinamugulira kope lachikuto cholimba, lokongola, n'kuliika pa pilo wake. Anabwera kudzathokoza ndi manja awiri, koma mkono uja sunachoke papepala. Ndaona kuti mwana ameneyu mbatata siimukwanira. Munamuphunzitsa kufunsa kuti munthuyo wati chiyani, ndipo ine sindinanene kanthu.

Pano ali pansi pa mtengo wa mapeyala, wagona chafufumimba pamphasa, miyendo ili m'mwamba, buku lili kumaso. Ndikangopinda kalatayi ndipita kukakhala pambali pake. Ndidikira afike pamapeto pa tsamba, chifukwa ndaphunzira kuti sadulidwa pakati. Kenako ndimuuza kuti ndinalakwa, ndinamumenya asanalakwe, ndipo ndinamutcha dzina limene si lake. Ndikulonjeza kuti ndinena zonse zitatu, osasiyako ngakhale chimodzi, dzuwa la lero lisanalowe.

Gonani bwino, Amayi. Tikukusowani tonse, ndipo ine kuposa mmene ndinkaganizira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati