Nkhope ya a Evelio

Lachinayi, 6 Febuluwale

Mafilimu a sabata ya kanema afika. Atatu, onse a misozi. Ina ya ku Argentina, ina ya ku Mexico, ndi yathu ija anajambula konkuno kudoko chaka chatha. Rigoberto wa kuholo akuti magetsi akalola tionera onse. Zokambirana filimu ikatha ndiyendetsa ine, monga kale. Ntchito ya kulaibulale ndinapuma, koma anthu sanandipumitse.

Amuna anga, a Evelio, za filimu sakufuna n'kumva komwe. Ati kwawo ndi lumo ndi chipeso, zija anangonyengereredwa ndi mtsikana wotsogolera filimu atawaona akumeta munthu pakhonde. Mtima wawo uli pa 16, tsiku la ubatizo wa Anisley, khanda la Dayamí wa nyumba yoyandikana nafe. Bambo wa ubatizo ndi iwo. Malaya oyera a matumba anayi aja asitidwa kale, apachikidwa pachitseko cha kuchipinda kuti aziwaona. Ife mwana sitinapatsidwe. Sitikambirana zimenezi. Ndimangoona mmene amakanyamulira kamwanako, ngati dzira.

Khofi watsala wa m'munsi mwa chitini.

Loweruka, 8 Febuluwale

Dzulo ya ku Argentina. Mayi akusamalira mwamuna wake wodwala mpaka kumwalira. Wosewera wake katswiri: salira, sakuwa, amangopinda zovala za malemu. Ine ndinakhutira. Holo ayi. Cuca wogulitsa mtedza anakuwa ali kumbuyo: "Lira, mayi iwe! Amuna ako afa, iwe uli pa zochapa?" Pa zokambirana anthu anagwirizana kuti mayiyo ndi waulesi, anangolandira malipiro. Ndinafotokoza kuti kubisa chisoni n'kovuta kuposa kuchionetsa. Cuca: "Akachibisa ine ndichiona bwanji, mayi? Ndalipira kuti ndione."

Lero ya ku Mexico. Abale awiri kulimbirana munda. Kulira kuyambira pachiyambi, mbale kusweka, wina kukomoka pamaliro. Nkhani yake yobooka ngati sefa. Mchimwene wamkulu amwalira mvula ikugwa, pomunyamula fumbi lili kobo. Ndinatchula zimenezi, palibe anasamala. Anthu anatuluka maso ali psuu, okhutira. "Iyi ndiye filimu."

Kwathu kuno wosewera amayezedwa ndi misozi, ngati mvula.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Yathu. Mzere kuzungulira mpaka kuseri kwa tchalitchi. Ena anabwera ndi mipando yawo.

Poyamba phwando lokhalokha. Aliyense kuloza nyumba yake, njinga yake, galu wake. Cuca anadziona kumbuyo kwa khamu, anaimirira n'kudziombera m'manja. A Evelio atangotulukira pansalu, ali msodzi, ndevu zosameta, holo yonse kuseka: "Wometa wopanda lumo!"

Kenako malo aja. Mwana wamkazi wa msodziyo abwera mvula ili pa mutu, ali ndi pathupi, agogoda. Bambo atsegula. Amuyang'ana. Osanena kanthu, osaphethira. Nkhope imene sindinaionepo m'nyumba muno. Pakamwa pamodzimodzi, mphuno yomweyo, koma maso ngati mwazimitsidwa nyale. Atseka chitseko, akoka mpiringidzo.

Holo inati zii. Holo yathuyi, imene sikhala chete ngakhale pa nyimbo ya fuko. Kenako mayi wina: "Tsegula, chinyama iwe!" Phokoso linabuka. Wina anaponya khoko la lalanje pansalu. A Evelio pambali panga anatsetsereka mumpando mpaka mutu kubisika.

Chilungamo chake: filimu ndi yapakatikati, nyimbo zachuluka, mathero athamanga. Koma a Evelio asewera bwino kuposa onse amene taona sabata ino, kupatula mayi wa ku Argentina. Ndikulemba ngati woonera, osati ngati mkazi wawo.

Potuluka, a Migdalia, amayi ake a Dayamí, anatidutsa osatipatsa moni. Mwina sanatione.

Lolemba, 10 Febuluwale

Anationa.

Dayamí anabwera m'mawa kudzabwereka mchere umene ali nawo kwawo. Anaima pakhomo, kupotokola mpango. Amayi ake sanagone. Akuti mdzukulu wawo sangamupereke m'manja mwa munthu amene ali ndi nkhope ija. Mawu awo enieni: "Nkhope imeneyo sanabwereke kwa munthu. Anali nayo, amangoisunga." Akufuna bambo wa ubatizo akhale msuweni wawo wa ku Holguín, amene mwanayo sanamuonepo n'kamodzi komwe. Dayamí sakufuna, koma nyumba ndi ya amayi ake, ndipo mawu a a Migdalia m'nyumba imeneyo sabwerera.

Ndinaseka. Ndinati zitha zokha pofika Lachitatu. Kunali kulakwitsa: Dayamí sanaseke.

Pakhonde lometera anthu ndiye adzaza, ambiri tsitsi lawo lalifupi kale. Abwera kudzaona chinyama. Madala osewera domino awapatsa dzina, Mpiringidzo. Wina atakhala pampando anagwira pakhosi: "Achimwene, lumo limenelo mwaulemu, ine sindine mwana wanu." A Evelio anaseka nawo. Za Dayamí ndawauza madzulo. Anangoti, "Oo." Nyemba anasiya m'mbale.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Filimu yathu kachiwiri, ndi zokambirana. Ndinakonzekera ngati mayeso. Mabuku awiri a zisudzo m'chikwama. A Migdalia analipo, mzere wachitatu, chokupizira m'manja.

Maganizo a anthu poyamba. Rigoberto akuti mtsikana wosewera mwana uja ndi wokongola koma amalira ndi pakamwa pokha. Zoona. Cuca akuti filimu yonse ikanakoma akanamuonetsa iye nthawi yaitali. Mphunzitsi wina wachinyamata akuti chitseko chija chikuimira dziko. Anthu anamuyang'ana mwachifundo.

Kenako ine. Ndinafotokoza bwinobwino. Kuti wosewera si munthu amene akumusewerayo. Kuti amene amasewera wakupha sanaphe munthu. Kuti kukwiya kwathu ndi umboni wa luso lake: a Evelio, munthu amene amatulutsa kangaude panja m'malo momupha, anatikhulupiritsa tonse kuti ndi wankhanza. Limenelo ndi luso lalikulu, ndinatero, kutha kuoneka chimene suli. Anthu anaomba m'manja. Ndinamva kukoma, ndisaname.

A Migdalia anapinda chokupizira. Sanaimirire n'komwe.

"Zikomo aneba, mwaphunzira. Ndiye mwati amuna anu amatha kuoneka chimene sali. Chabwino. Nanga ife tidziwa bwanji kuti sewero ndi liti: la pansalu lija, kapena la pakhonde limene takhala tikuonera zaka zonsezi?"

Holo inaphulika. Ena kumenya mipando. Cuca: "Yankhani, a mabuku!"

Ndinayankha zinazake. Sindikuzikumbuka, ndipo n'zabwino kuti sindikuzikumbuka. Funsolo ndi lolakwika, koma kulakwika kwake sikuoneka msanga. Ndalipeza yankho ndili kutsuka mano, mochedwa.

Ndapita kukazima moto nditanyamula parafini.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Malaya oyera achoka pachitseko. Ndawapeza m'kabati, kumbuyo kwa jekete la maliro.

A Evelio sakundiimba mlandu. Bola akanatero. Ameta anthu, asesa tsitsi, athirira maluwa. Masana Anisley analira kuseri kwa khoma, iwo n'kuimika lumo m'mwamba mpaka kamwanako katatonthola. Wometedwayo anadikira, theka la ndevu lili ndi thovu.

Ndinkati ndipite kwa abambo mfumu. Ati ayi, wansembe sasankhira anthu abale. Ndinkati ndilembere mtsikana wa filimu uja abwere adzafotokoze. Ati, "Oneida, wafotokoza kale iwe." Mofatsa. Zinandilasabe.

Mpunga ndi dzira. Magetsi anazima kuyambira masana.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Dayamí ndi uthenga. Walira kwa amayi ake masiku awiri, ndiye alola chinthu chimodzi. A Evelio apite mawa masana pakhonde pawo akaichite nkhope ija pamaso pawo. "Dzuwa likuswa mtengo, popanda nyimbo, popanda mvula yabodza. Ndiione ndekha pamene imachokera."

Ndinafunsa: akaichita ndiye kuti chiyani, akalephera ndiye kuti chiyani? Dayamí sakudziwa. Mwina a Migdalia nawonso sakudziwa. Mayeso opanda mayankho. Ndinati tisapite, si khoti limenelo. A Evelio anapukuta lumo, n'kuti, "Uwauze amayi ako ndibwera ndikatseka."

Lero tsiku la okondana. Andibweretsera duwa la mumphika wathu womwe, monga chaka chilichonse. Ndinawayang'ana nthawi yaitali kuposa kale. Funso la a Migdalia ndi lopusa. Koma limakakamira ngati chisoso pa siketi.

Loweruka, 15 Febuluwale

Chinsinsi cha m'tauni muno: msewu wonse unalipo. Cuca ndi mtedza wake, akugulitsa. Madala a domino ananyamula tebulo lawo. A Migdalia pampando wogwedera, Anisley pamiyendo, ngati woweruza.

"Tiyeni aneba. Ine ndine mwana wanu, ndabwera ndi mimba. Ndiyang'aneni."

Pa msinkhu wawo umenewo. Anthu anayamba kale kugwa nacho chiseko.

A Evelio anaima pakhomo. Anakoka mpweya. Anakwinya chipumi, natulutsa mlomo wam'munsi, natupitsa masaya. Diso limodzi linayamba kuphethira lokha. Ankaoneka ngati munthu amene wameza fupa la nsomba pamaso pa apongozi. Wina anakuwa: "Mupatseni madzi!" Anayesanso. Ulendo uno mphuno inanyamuka, makutu n'kufiira. Anisley anawayang'ana, n'kuseka, kuseka kwenikweni kwa khanda, nkhama zonse panja, manja akuwafuna. A Evelio anasweka nacho chiseko mpaka kugwira chipupa.

Ine manyazi mpaka kumapazi. Katswiri wanga uja.

A Migdalia anapukuta misozi ndi chokupizira. "Bambo uyu sangaopseze ngakhale nkhuku. Zija ndi makina. Akuthira mdima kumaso, akuikira ng'oma, basi waoneka mfiti. Ngakhale ine akhoza kundisandutsa namwali." Kenako anatembenukira kwa ine, anthu onse akumva: "Nanga a mabuku, mukutibe ndi katswiri?"

Khonde linadikira. A Evelio ankayang'ana nsapato zawo. Bodza sindinena, aliyense amadziwa. Ndinafufuza chiganizo choona, n'kuchipeza: "Kuwala ndi nyimbo zimachita zambiri mu filimu."

"Ehee! Mwaona? Akuphunzira."

Anawapatsira a Evelio mwanayo m'manja. "Mawa musachedwe, ndipo ndevuzo mumete. Wometa wanji inu."

Madala a domino asintha dzina. Tsopano ndi Fupa la Nsomba. Cuca akuti ankadziwa kuyambira kale kuti m'filimu ija wosewera weniweni anali iye.

Lamulungu, 16 Febuluwale

Zatheka. Malaya oyera, ositidwa kachitatu. Anisley anayetsemula pomuthira madzi, tchalitchi chonse kuseka, abambo mfumu omwe. A Evelio anayankha mafunso onse mokweza kuposa mmene zimafunikira.

Nkhumba yootcha kuseri kwa nyumba, chinangwa cha adyo, mpunga wa nyemba zakuda. A Migdalia anavina ndi a Evelio nyimbo ziwiri, akuwatchula "m'bale wanga". Msuweni wa ku Holguín anabwera, munthu wabwinobwino, sankadziwa n'komwe kuti anali pa mpikisano.

Mapazi akuwawa. Tsiku labwino.

Lolemba, 17 Febuluwale

M'mawa, kukhitchini. Dzuwa pawindo, wailesi yozima. Khofi wotsiriza.

Ndinaona kuti ndi bwino kukonza maganizo anga, poti umboni wasintha. Ndinawauza a Evelio mosamala kuti asakhumudwe. Kuti mwina ndinakokomeza za luso lawo. Kuti a Migdalia, ngakhale sanawerenge, anakhudza mfundo yoona: wojambula waluso akhoza kudikira nkhope ya munthu wotopa, n'kuidula pabwino, n'kuiika pamalo oyenera. Kuti zimenezi sizichotsa ulemu wawo. Ndinatchulanso buku.

Ankamvetsera akutakasa khofi. Anaika supuni pambali. Anadzutsa mutu.

Nkhope ija.

Yonse. Patebulo pathu, pamwamba pa buledi. Maso ozima aja, osaphethira, akundiyang'ana ngati ndaima pamvula kunja kwa chitseko. Popanda kukwinya kalikonse.

Kenako anaphethira, n'kukhalanso a Evelio.

"Shuga watha, Oneida?"

Anamwa khofi wawo, anapsompsona pamutu panga, napita kukatsegula pometera akuimba mluzu.

Ndakhala pano chikhalire. Ndiye kuti sewero lopambana sabata yonseyi silinali la ku Argentina. Linachitika Loweruka masana pakhonde la a Migdalia, msewu wonse ukuonera, ndipo palibe anaomba m'manja. Ine woyendetsa zokambirana ndinali kutsogolo, n'kuchita manyazi.

Sindingauze munthu. Ngakhale Dayamí. Chaka chamawa Cuca akadzati amuna anga sadziwa kusewera, ndidzangogula mtedza.

Ndikuwamva pakhonde, akuuza wina kuti aweramitse mutu. Mawu ofatsa omwe aja. Ndikaone kaye ngati nkhope ili ya masiku onse.