Mbawala Imene Sindinaphe

Otter Mills, Michigan
23 Januwale 2011

Okondedwa achemwali anga a Kaisa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tucson, ndipo nkhalamba zimene mumazisamalira zija sizikukutopetsani kwambiri. Kuno kukuzizira monga mwa masiku onse. Chipale chofewa chafika m'mawindo a kukhitchini, ndipo basi ya sukulu ikumaima kumsewu waukulu chifukwa kwathu kuno singalowe. Magolovesi munanditumizira pa Khirisimasi aja anafika, ndipo akundikwana bwinobwino. Zikomo kwambiri.

Mudabwa kuona kalata, poti timalankhulana pa foni Lamulungu lililonse. Koma mukaimba, bambo amakhala chapafupi, akutsuka kapu yotsukatsuka kale, ndiye ine ndimangoti zonse zili bwino. Lero apita kukathandiza a Duane Tervo kugwetsa chipale padenga la garaja yawo, ndiye ndati ndikhale pansi ndikuuzeni zimene sindinakuuzeni.

Choyamba musade nkhawa, m'nyumba mukufunda. Anthu a gasi wotenthetsera nyumba anabwera kudzadzaza thanki. Ndayambira pamenepa chifukwa kwa miyezi iwiri ine ndi bambo tinalibe china choganiza koma thankiyo.

Mukudziwa kale kuti fakitale ya mapepala itatsekedwa mu Ogasiti, bambo anayamba kulandira ndalama za ulova kuchokera kuboma. Si zambiri, koma zimakwana nyumba, gasi ndi chakudya ngati munthu sakuyang'ana kumbali. Kuti zizibwerabe, pamafunika kuimba foni nthawi ndi nthawi, kutsimikiza kuti ukufunadi ntchito. Bambo sanaphonyepo. Ankaimba atavala malaya a kolala, ngati makina oyankha foniwo akuwaona. Ntchito anafunsa paliponse, mpaka kotsukira magalimoto, komwe wowafunsa mafunso anali mnzanu wa m'kalasi uja wa ndolo pamphuno. Pobwerako anangovula malaya aja n'kuwapachika bwinobwino.

Kumayambiriro kwa Novembala a ku ofesi ya za ntchito, ya kutauni yaikulu ija, anawaitana kuti akaonekere okha pamaso pawo. Tsiku limene anawapatsa linali 15 Novembala.

Bambo ataona tsikulo anaseka. "Awa alakwitsa. Pa fifitini ndani amatsegula ofesi?"

A Duane anali pomwepo, akumwa khofi wathu monga amachitira. "Ray, m'bale wanga, tsiku limenelo ngakhale abusa athu amakhala ali mumtengo ndi mfuti. Ukapite, ukapereke moni kwa loko wapachitseko, umuuze kuti Duane akuti uli bwanji."

Inunso mukanaseka nawo, achemwali. Chibadwire chathu, pa 15 Novembala, tsiku loyamba kusaka mbawala, sukulu siphunzitsa, ometa tsitsi amatseka, ndipo fakitale ija ili moyo inkatsala ndi anthu owerengeka, okwiya okhaokha. Bambo anati adzapita mawa lake, akawauze anthuwo kuti analemba tsiku lolakwika.

Tsikulo litafika tinapita kunkhalango ya kuseri kwa dambo. Kwa nthawi yoyamba bambo anandipatsa mfuti ya agogo, n'kundisiya ndekha patsinde pa mtengo, iwo n'kupita kutsidya kwa kamtsinje. Mukudziwa kuti palibe chimene ndimachitha ngati kukhala chete. Kusukulu zimenezi sizindipindulira kanthu, koma kunkhalango ndinakhala mpaka mbalame zinaiwala kuti ndilipo. Dzuwa litakwera pang'ono, mbawala inatulukira m'mitengo ikununkhiza pansi, mpweya ukufuka m'mphuno. Ndinaiwombera, ndipo inagwa pomwepo.

Bambo anabwera akuthamanga. Anagwa m'kamtsinje muja, n'kudzuka chipewa chitatsalira m'madzi, osachitola. Atafika anayang'ana mbawala, n'kuyang'ana ine, kenako anandigwira mutu ndi manja awo onyowa n'kumandigwedeza. "Arvo! Mwana wanga! Wekha? Wekhawekha?" Anaseka mpaka kutsokomola. Chitsekereni fakitale ndinali ndisanawamve akuseka choncho, ndipo kunena zoona chimwalirireni amayi.

Tinapita nayo kusitolo ya mayi Lorna, pamtanda wopachikapo mbawala paja, tauni yonse ili pomwepo. A Duane ankauza aliyense wofika kumene. "Mwakaona kamwana ka Ray Salmela? Kosayankhula kaja? Mbawala imayesa chitsa, imati ikodzerepo!" Mayi Lorna anatijambula, ine ndi bambo titagwira nyanga, n'kulemba dzina langa ndi tsiku kunsi kwa chithunzi. Anachikhoma pakhoma la zithunzi lija, chapafupi ndi cha bambo cha kalekale ali ndi tsitsi lambiri.

Mawa lake bambo anavala malaya a kolala n'kupita kutauni yaikulu. Ofesi ija inali yotsegula dzulo lake, tsiku lonse. Anawauza mwaulemu kuti popeza sanabwere ndipo sanaimbe foni, ndalama zaima. Ngati anali ndi chifukwa chomveka, achite apilo, woweruza adzawamva pa foni nthawi yake ikakwana. Atabwerako anakhala m'galimoto panja nthawi yaitali injini atazimitsa. Polowa m'nyumba mawu awo oyamba anali akuti, "Kaisa asamve. Ali ndi zake." N'chifukwa chake Lamulungu limenelo sindinakuuzeni za mbawala. Sindikanatha kunena chimodzi n'kusiya chinzake.

Disembala sindikufuna kumufotokoza kwambiri. Tinatseka zipinda zam'mwamba n'kutsekera zofunda m'munsi mwa zitseko, tonse awiri n'kumagona pabalaza titavala majekete. A gasi sabwera usanalipire. M'mawa uliwonse ndinkawaona bambo pawindo akupita kuthanki, akupukuta kagalasi ka muvi wosonyeza gasi wotsala ndi chala, akuwerama, n'kuimirira pang'onopang'ono. Ankaopa kuti gasi akatha mapaipi aphulika ndi kuzizira, ndiye kuti nyumba yatha. Chakudya sichinavute. Tinkadya mbawala ija, yokazinga, yophika ndi mbatata, ya soseji. Bambo ankati, "Ukutidyetsa ndiwe, bwana," ndipo ine ndinkamva bwino, ngakhale ndinkadziwa kuti ikanapanda mbawala yomweyo bwenzi tikugona m'zipinda zathu.

Nzeru inachokera kwa a Duane. Anabwera masana ena, nakhala osavula jekete poti m'nyumba munali ngati panja. Ine ndinali pomwepo ndi buku la masamu, ndipo sananong'one n'komwe.

"Ray, ukakanena kuti unali kosaka, wadziwombera wekha phazi. Anthu a boma akumwera aja mbawala amangoiona pa khadi la Khirisimasi. Unene kuti mwana anadwala. Mayi palibe, unali wekha, ukanamusiya ndi ndani?"

"Mwana wanga usamulowetsemo, Duane."

"Ali kale momwemo, aise. Taona milomo yake, yabiriwira. Ukufuna aume ali woyera mtima?"

Bambo anawauza kuti amalize khofi azipita. Koma muvi wa pathanki unkatsikabe.

Patatsala masiku ochepa kuti woweruza aimbe, bambo anabwera kudzanditenga kusukulu, zimene sachita. Tinayenda mpaka pamlatho. Ali maso kumsewu anati, "Mwina woweruza uja adzafuna kulankhula ndi iwe."

Ndikufuna mudziwe bwino apa, achemwali: sanandipemphe. Ndinayankha ndekha. Ndinati, "Ndinali ndi chifuwa. Thupi linatentha kuyambira Lamulungu."

Sananene kuti inde, sananene kuti ayi. Anakhotera kusitolo ya mayi Lorna n'kundiuza kuti ndidikire m'galimoto. Ndinkawaona pagalasi. Anaima pakauntala chipewa chili m'manja, ngati mmene amaimira kumaliro. Mayi Lorna anawayang'ana kanthawi, kenako anatembenuka n'kuyamba kusanja zitini zimene zinali zosanjika kale. Bambo anapita kukhoma la zithunzi lija. Potuluka dzanja lawo linali m'thumba la mkati mwa jekete. Madzulo omwewo nyanga zimene tinakhoma m'garaja zinachoka, sindikudziwa anakaziika kuti.

Tsiku la mlandu sindinapite kusukulu. Tinaika foni pakati pa tebulo la kukhitchini kuti tonse tizimva. Woweruzayo anali mzimayi wa mawu odekha, ndipo iye ndiye anali ndi chimfine chenicheni, ankapepesa akamayetsemula. Anati tikweze dzanja lamanja tilumbire kuti tinena zoona. Sakanatha kutiona, koma bambo anakweza dzanja, ndipo ine ndinakwezanso.

Bambo analankhula mochepa. Woweruza anafunsa ngati anandipititsa kuchipatala.

"Inshuwalansi inatha pamodzi ndi ntchito, mayi," anatero bambo. Pokhapo ndi pomwe mawu awo anamveka ngati awo, chifukwa n'zoona.

Kenako anafuna ine. Ndinafotokoza chifuwa chimene ndinadwala chaka chatha: mmene zofunda zinkanyowera, mmene madzi ankawawira pomeza, mmene denga linkaonekera ngati likutsika. Ndinafotokoza bwino kwambiri, achemwali. Sindinagwidwe chibwibwi ngakhale kamodzi, ine amene m'kalasi ndimalephera kuyankha dzina langa lomwe. Ndikulankhula ndinawaona bambo akundiyang'ana ngati akuona munthu wachilendo m'khitchini mwawo.

"Nanga bambo ako anali kuti tsiku lonselo?" anafunsa mayiyo.

"Anali ndi ine."

"Uli ndi bambo abwino, Arvo," anatero. "Uzivala zotentha, wamva? Kwanuko ndamva kuti kumazizira."

Foni itadulidwa bambo anatuluka panja osavala jekete. Anaima pafupi ndi thanki, atandifulatira, mpaka mapewa awo anayera ndi chipale.

Apilo inatheka. Ndalama zinayambanso, ndi za masabata anadumpha aja zomwe, ndipo galimoto ya gasi inabwera. Tinatsegula zipinda zam'mwamba. A Duane anabwera ndi mowa kuti asangalale, koma bambo anawauza pakhomo kuti mutu ukuwapweteka.

Ndiye kuti zinatha bwino, eti? Inenso ndimadziuza choncho. Sindikudandaula kuti ndinanama, ndipo zitabwereranso ndikhoza kunamanso, chifukwa ndinawaona akuwerama pathanki paja m'mawa uliwonse. Chimene sindinadziwe n'chakuti tsiku la mbawala lija lichoka lonse, ngati silinachitike. Tauni yonse inaliona, koma anthu akuno mukuwadziwa, akafuna kukuthandiza amakhala chete. A Duane anasiya kunena za chitsa. Anyamata akusukulu, amene kwa sabata imodzi ankandipatsa malo patebulo lawo, makolo awo ayenera kuti anawalankhula, chifukwa palibe amene amatchulanso mbawala ija. Kwa mayi Lorna pakhoma pomwe panali chithunzi chathu patsala malo oyera ndi kabowo ka msomali, ndipo ndikalowa amandipatsa chenji akuyang'ana m'manja mwanga. Nyama yotsala m'firiji bambo anakaipereka kutchalitchi kuti agawire osowa. Tsopano tikudya nkhuku ya m'sitolo.

Ndipo bambo sandiyang'ana. Sakukwiya, ayi. Amandigulira chilichonse ndisanapemphe, nsapato zatsopano ndili nazo. Koma amadya ataimirira pasinki, ndipo ndikalowa pabalaza amakumbukira kuti kugaraja kuli chofunika kukonza. Akuganiza kuti anandilanda kanthu, ndipo ine sindikudziwa kuti ndingawauze bwanji kuti ndinapereka ndekha.

Dzulo m'mawa ndikudya, anaima kumbuyo kwanga kanthawi. Ndinamva akupuma ngati munthu wofuna kunyamula chinthu cholemera. Ndinasiya supuni, ndikuti mwina lero tilankhula. Anaika dzanja paphewa panga n'kunena kuti, "Chifuwa chija, ukupeza bwanji?"

Tinali awiriwiri, panalibe womunamiza. Mwina amafuna kuti tiseke. Mwina ndi njira yokhayo imene anaipeza yondifunsira. Ndinadikira kuti ndimve ngati aseka, koma sanaseke.

Ndinati, "Ndikupezako bwino, bambo."

Anandisisita paphewa kawiri n'kupita kukawotha injini ya galimoto.

Mukaimba Lamulungu likubwerali, chonde musawafunse chilichonse cha zimenezi. Muwafunse za ntchito ya kumalo ocheka matabwa imene akuyembekezera kumva, amakonda kuifotokoza. Ndalama musatumize, tili bwino, ndipo akhoza kudziwa kuti ndalankhula.

Mundiperekere moni kwa anzanu amene mumakhala nawo nyumba, ndi kwa agogo aamuna aja munati amakuitanani dzina la mkazi wawo. Bambo akanadziwa kuti ndikulemba akanati ndikuuzeni kuti muzimwa madzi ambiri, kumeneko n'kotentha.

Pempho langa ndi limodzi lokha. Mukapeza mpata mundiyankhe, koma kalatayo muitumize kusitolo ya mayi Lorna, adzandisungira osafunsa. Musalembe zondilimbitsa mtima. Mungondifunsa mmene anthu amafunsira: mbawalayo inali yaikulu bwanji, inatulukira mbali iti, unali patali bwanji. Mufunse zambirimbiri. Ndidzakuyankhani zonse.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Arvo