Nyenje za m'Makutu mwa Alamu Adelina

Tete, 9 de Outubro de 2024

Achimwene Quintino,

Landirani moni wochokera kuno ku Tete, kumene dzuwa la mwezi uno likuwotcha ndi pamthunzi pomwe. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Ntengo-Wambalame? Nanga bondo lija likukulolani kutsata ng'ombe? Ife tilipo. Akazi anu, alamu Adelina, akudya bwino, ndipo dzulo anafika kumsika okha osatsamira munthu.

Telefone yanu ndaimba kakhumi ndi kamodzi, siikulowa. N'chifukwa chake kalatayi ndapatsira Mavuto, motorista wa chapa, minibasi ija imafika kumeneko, ndipo ndamuuza kuti asaisiye pa loja, pa sitolo paja, koma aipereke m'manja mwanu. Pempho langa ndi limodzi: tulutsani mwana wanu Iolanda ndi khanda lake m'chipinda cha amayi ake lero lomwe. Ndimakudziwani, simusuntha mwala musanamve chifukwa. Chifukwa chake nachi.

Mukukumbukira mmene alamu anachokera kumeneko. Mutu ukuwang'amba, m'makutu mukulira ngati nyenje, zala zadzanzi, pachifuwa pothina, poyenda akudzandira ngati aledzera. Kuchipatala anawayeza malungo, palibe. Tensão, kuthamanga kwa magazi, ili bwino. Anawaunika m'makutu, anawalowetsanso m'makina ojambula mutu, chotupa sanachipeze. Mwana wanga Clemente anasangalala, koma ine mtima sunakhale pansi. Munthu amene anabwera chonyamulidwa anachira yekha m'sabata imodzi, mankhwala ake paracetamol basi. Matenda ochoka okha amabweranso okha.

Lolemba tinabwerera kwa doutora, dokotala amene akuwaona. Ndi mtsikana, koma amadziwa kufunsa. Sanafunsenso kuti pakupweteka ndi pati, anafunsa kuti mutuwo umabwera liti. Alamu anayankha kuti umabwera pamene wafunira. Ine ndaphunzitsa matemática zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo sindikhulupirira kuti pali chinthu chobwera popanda nthawi yake.

Titafika kunyumba tinakhala pakhonde n'kumasankha nyemba, ine ndikufunsa. Ulendo woyamba unali chaka chatha mu Junho, sabata ya ukwati wa mwana wanu Sónia. Wachiwiri mu Agosto, wachitatu mu Outubro. Dzinja lonse zii. Chaka chino wabwera mu Junho, wabweranso mu Agosto. Ndinaika nyemba zisanu pamkeka, n'kuona kuti za chaka chilichonse zatalikirana mofanana ngati mapando a chimanga. Ndinafunsa kuti n'chiyani chimachitika panyumba panu pakapita miyezi iwiri iliyonse kuyambira pokolola. Alamu anaseka, nati palibe, kupatula inuyo mukamaika mapiritsi atsopano m'matumba a chimanga poopa anankafumbwe.

Kuseka kunathera pomwepo.

Achimwene, kale chimanga chanu chinkakhala m'nkhokwe panja. Akuba atakokolola nkhokwe ya aneba anu a Samuel, munalowetsa matumba khumi ndi anayi m'chipinda chogona, zenera n'kulikhomera lata. Thumba lililonse mumaikamo mapiritsi awiri okulunga m'kansalu, onse pamodzi makumi awiri ndi asanu ndi atatu. Inu mumagona m'kanyumba ka kukhola kulondera ng'ombe, n'chifukwa chake mutu wanu sunapwetekepo. Alamu amagona mutu uli pafupi ndi matumbawo, moti akatambasula mkono amakhudza thumba. Akuti masiku amenewo m'chipinda mumanunkha ngati adyo. Akutinso mphaka uja munkati analumidwa ndi njoka anamupeza atauma kuseri kwa matumba omwewo, mu Agosto.

Dzulo ndinakafotokozera doutora zonsezi. Anaika cholembera pansi. Anati mapiritsi otere ndi a m'nyumba zazikulu zosungiramo mbewu, momwe simugona munthu. Akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ndi umene umapha anankafumbwe. Inu mukapeza kansalu katatsala ndi phulusa mumati mankhwala atha mphamvu, n'kukagula ena. Koma taganizani, achimwene. Piritsi linalowa lolimba ngati mwala, latuluka phulusa. Linalo lapita kuti? Lapita mumpweya wa m'chipinda chimene munachitseka bwinobwino.

Doutora ananena moona mtima kuti sangalumbire, poti patapita masabata magazi saonetsanso kanthu. Koma anati zizindikiro zonse zikuloza komweko, ndi kulira kwa m'makutu komwe. Anati munthu wamkulu amatha kudzuka ndi mutu wokha. Kenako anafunsa ngati panyumbapo pali mwana wamng'ono. Alamu anagwira pakamwa.

Paja Lamulungu lapitali Iolanda anatiimbira pa telefone ya mwamuna wake kutiuza za mwana wamwamuna amene Mulungu watipatsa. Anati mwamuika m'chipinda cha amayi ake poti ndi chofunda, mphepo silowa, ndipo chitseko chikukhala chotseka monga mwa chikuta. Anatinso mwapeza anankafumbwe m'thumba limodzi ndipo mukagula mapiritsi tsiku la msika. Tonse tinamva mawu amenewo, sitinawaganizire kanthu, tinali kalikiliki kufunsa kuti mwana wafanana ndi yani. Tsopano mwamunayo anabwerera ku Chidzolomondo ndi telefone yake. Sindikudziwa ngati mwagula kale. Sindikudziwa ngati mwaika kale.

Ndikudziwa kuti azakhali athu a Genoveva akana. Anena kuti khanda silituluka m'chikuta mchombo usanagwe. Mwambowo sindiunyoza, inenso ndinabindikira ndi Clemente mpaka tsiku lake. Koma chikuta ndi nyumba iliyonse imene mayi ndi mwana asungidwamo. Sesani nyumba yanga yakale ija, yalani mphasa, mwanayo mum'funditse chitenje kumutu ndi kumiyendo, azakhali omwewo am'nyamule okha. Ndi pafupi, n'kungodutsa bwalo. Akati pali tsoka, muwauze kuti Odete wati ligwere iye, wakalamba kale. Akati nyumbayo njozizira, muwakumbutse kuti pakadafunda padajiwitsa galu.

Ngati simunaike, kachitini ka mapiritsiko musakatsegulire m'nyumba. Ngati mwaika, yambani mwatulutsa anthu, kenako kanganulani lata lija, chitseko musiye pululu, ndipo musalowe kukanyamula matumba tsiku lomwelo, ngakhale inuyo. Pa mapiritsiwo musathirepo madzi, doutora wati madzi ndiwo amawautsa. Iolanda akanena kuti mutu ukumupweteka kapena akumva kulira m'makutu, mwana akakana bere kapena akamasanza, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti ng'ombe zilowe. Thamangani nawo ku centro de saúde, kachitini m'manja, kuti achipatala akaone okha chimene apuma.

Sindikukuimbani mlandu. Munkateteza chakudya cha ana anu, ndipo wogulitsa uja sanakuuzeni kanthu. Koma zija munkanong'ona zoti alamu analodzedwa ndi akazi a Samuel zilekeni. Mfiti yake munagula nokha kumsika, n'kubwera nayo m'thumba la jekete.

Za kuno n'zochepa. Madzi akuvuta, apampopi akubwera mbandakucha wokha. Clemente wapempha tchuthi kuntchito, ndipo Lachisanu abwera ndi alamu, atenga matumba aja a pulasitiki wokhuthala osunga chimanga popanda mankhwala. Alamu amafuna kukwera chapa ya lero, koma doutora akufuna kuwaonanso mawa.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Genoveva, kwa Sónia ndi apabanja ake, kwa a Samuel ndi akazi awo. Iolanda mumuuze kuti azakhali ake asoka kale kachipewa.

Mavuto abwerera kuno mawa masana. Musavutike kulemba yankho, mungomuuza kumene mwana wagona. Pamene ndikulembapa alamu akhala pakhonde, maso kumsewu. Andifunsa kawiri ngati nanenso ndikumva nyenje. Ndawauza kuti inde, izi n'zenizeni, zili mumtengo wa pabwalo. Za kumeneko ndizo sindingathe kuzimva ndili kuno.

Ndine mlongo wanu,
Odete Manuel